Kaundula wa ntchito: chipinda cha sikelo ndi mkombaphala chomwe tikumanga tokha

Zolembazi ndi za komiti ya ntchito m'mudzi wina wa m'dera la mfumu yaikulu Mwambo, kumunsi kwa msewu wochoka m'tauni ya Zomba kupita ku Jali. Tikumanga chipinda cha mamita 9 m'litali ndi 6 m'lifupi, chokhala ndi kachipinda kosungiramo katundu, choti m'mawa muziphunzira ana a mkombaphala, ndipo tsiku la sikelo azaumoyo azikwezeramo ana m'malo mwa pansi pa mtengo wa mango. Pabwalo tinagwirizana lamulo limodzi: ndalama izigula chokhacho chomwe m'mudzi muno sitingathe kupanga.

Malichi, sabata yachitatu

Ntchito yoyamba inali kalembera wa luso. Anthu asanu ndi mmodzi anayenda awiriawiri, bambo ndi mayi, makomo onse 142 m'masiku anayi. Tsiku loyamba linapita pachabe chifukwa cha kafunsidwe. Ukafunsa kuti "Kodi muli ndi luso lanji?" yankho ndi lakuti "Aa, ife ndi alimi chabe," pomwe mwakhalira mpando woti anakhoma yekha. Ena ankaganiza kuti ndi kalembera wa Mtukula Pakhomo, ndiye wilibala inkathamangitsidwira kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lachiwiri tinasintha mafunso: "Chitseko chikaguluka mumaitana ndani?" "Njinga ikathyoka foloko mumapita nayo kuti?" "Pamaliro amasunga ndalama za chipepeso ndani?" Munthu sadzitchula yekha, koma mnzake amamutchula msanga. Dzina likatuluka pamakomo atatu, tinkapita kwa mwini wake.

Zomwe zinapezeka: amisiri omanga atatu, mmodzi anaphunzira kusukulu ya ntchito zamanja ya Nasawa, awiri anaphunzirira pantchito ku Chinamwali ndi ku Matawale, akalipentala awiri, ocheka matabwa awiri okhala ndi sowo yawo, wowotcherera zitsulo mmodzi yemwe amagwira ntchito pa Jali, amayi asanu ndi anayi ophwanya miyala, oluka mphasa ambiri ndithu, mphunzitsi wopuma ntchito, ndi mayi mmodzi yemwe anaphunzitsidwa kukonza mjigo zaka zapitazo koma sanaugwirepo chitayikireni sipanala. Zipangizo: ngolo ziwiri, mawilibala asanu ndi awiri (atatu opanda tayala), madiramu anayi, magulu atatu a banki mkhonde, nkhalango ya bulugama ya m'mudzi, ndi kaphiri kamiyala kuseri kwa manda.

Njira imeneyi, yoyambira pa kuwerenga zomwe anthu ali nazo, osati zomwe akusowa, aphunzitsi awiri a ku Northwestern University ku America, John McKnight ndi John Kretzmann, anailemba mu 1993. Agogo a kuno atamva anati imeneyo ndi dima basi, kungoti yavala nsapato.

Epulo, sabata yoyamba

Malo. A nyakwawa analoza pamalo pena pafupi ndi mjigo, ndipo abambo a banja loyandikana ndi malowo anavomera. Tikadakhomera zikhomo pomwepo tikadalakwa. Kuno malo ndi a mbumba, ndipo bambo uja ndi mkamwini. Tinabwerera kukakhala pansi ndi amayi eni malo, achemwali awo awiri ndi amalume awo, omwe ndiwo mwini mbumba. Anavomera, koma anasuntha malire ndi mamita asanu kuti mtengo wa mapeyala utsale kwawo. Mgwirizano unalembedwa pamapepala atatu, onse anasaina kapena kudinda chala, a gulupu anaikapo chidindo. Pepala limodzi lili kwa banja, lina kwa amfumu, lina ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi. M'makona anayi tadzalamo nkhadze.

Epulo, sabata yachinayi

Msonkhano wa pabwalo unali wautali, ndipo mawu oti thangata anatuluka ola loyamba lisanathe. Si mawu opepuka m'boma lino. Thangata wa m'minda ya azungu ya ku Magomero ndi chimodzi mwa zomwe zinadzutsa John Chilembwe mu 1915. Akuluakulu amakumbukiranso Youth Week ya nthawi ya Kamuzu, pomwe kukana kugwira ntchito kunalibe. Kenako m'zaka za m'ma 1990 kunabwera ntchito za chitukuko zolipidwa za MASAF, anthu nazolowera kuti ukalambula msewu umalandira kangachepe. Choncho funso loti "Tilandira chiyani?" silochokera ku ulesi ayi, ndipo kuliyankha ndi ulaliki n'kutaya nthawi. Tinaliyankha ndi kope: khomo lililonse lipereka masiku asanu ndi limodzi pa ntchito yonse, masikuwo alembedwa pamaso pa mwini wake, ndipo akakwana palibe womubwereranso. Okalamba ndi odwala salowa m'chiwerengerochi, pokhapokha atafuna okha kudzasefa dothi kapena kulera ana a omwe ali pantchito.

Masiku ogwira ntchito ndi Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira 6 koloko mpaka 11. Lachisanu ndi la Asilamu, Loweruka la a Seventh Day, Lamulungu la mipingo ina yonse. Kukagwa maliro ntchito imaima, tsikulo silibwezedwa ndi chindapusa.

Zogula tinaziwerengera motere: simenti matumba 78, malata 32, zitsulo za bimu, brickforce (waya wolimbitsa khoma), misomali, mahinjesi, maloko ndi pulasitiki wakuda. Ndalama ichokera ku chimanga ndowa imodzi pakhomo pano pokolola, nandolo mu Ogasiti, thumba ladzidzidzi la magulu a banki mkhonde, ndi ana a m'mudzi muno okhala ku Blantyre, Lilongwe ndi Johannesburg omwe akutumiza pa Airtel Money ndi Mpamba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusunga ndalama m'bokosi n'kudziluzitsa. Koma simenti sasungika miyezi yambiri. Ndiye ndalama yoyamba igula malata ndi misomali, zomwe siziwola, simenti azigulidwa pang'onopang'ono malinga ndi gawo lomwe tafika.

Meyi, sabata yachiwiri

Mjigo unayenera kukonzedwa njerwa imodzi isanaumbidwe, chifukwa ntchito yonseyi ndi ya madzi. Ndi wa mtundu wa Afridev. Tinauyesa kawiri. Choyamba, m'mamawa munthu asanatunge, tinawerenga kuti chogwirira chikwera ndi kutsika kangati madzi asanatuluke. Mjigo wabwino supitirira kasanu. Wathu unafika 30, kusonyeza kuti valavu ya pansi ikudontha ndipo madzi akubwerera usiku. Chachiwiri, kupopa mokwanira ka 40 pa mphindi imodzi kuyenera kupereka malita pafupifupi 16, ndowa ya malita 20 kutsala pang'ono kudzaza. Ife tinapeza osafika theka.

Mayi wa mjigo uja anatsogolera, anyamata anayi akukoka ndodo n'kumazindandalika pamitengo motsatana momwe zatulukira, kuti zisakhudze dothi. Rabala ya U-seal, yomwe imakweza madzi m'paipi, inali itadyeka mbali imodzi, bobbin (kamphira ka mu valavu) atang'ambika, ndipo mabushi apulasitiki a pachogwirira anali atatha mpaka chitsulo kumakhulana ndi chitsulo chinzake. Ndiko kulira komwe anthu anazolowera kumva. Zonsezi ndi tinthu ting'onoting'ono topezeka m'mashopu a m'tauni, toyenera kusinthidwa chaka ndi chaka. Sipanala ya 24 yagulidwa, ndipo isungidwa ndi mayiyo, osati m'nyumba ya wapampando. Ntchito inatha masana omwewo, ndowa inayamba kudzaza monga mwa muyezo.

Madzi a ntchito azitungidwa kuyambira 10 koloko n'kusungidwa m'madiramu a tsiku lotsatira. M'mawa mjigo ndi wa amayi a m'makomo. Tikalowerera pamzere wawo, ntchito idzadedwa isanayambe.

Sabata yomweyi ocheka matabwa agwetsa bulugama asanu ndi mmodzi. Matabwa asanjidwa pamthunzi, timitengo topingasa pakati pa mzere uliwonse, pamwamba patsindiridwa ndi miyala. Bulugama wamuwisi ukamukhomera padenga amapindika ngati uta.

Meyi, sabata yachinayi

Ambiri ankafuna uvuni wa njerwa, poti ndi zomwe tikuzidziwa. Koma nkhuni zowotchera zikadatimalizira mitengo ya mango, ndipo kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga saloleza njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba zogwiritsa ntchito anthu ambiri. Mwana wa m'mudzi muno yemwe amagwira makontirakiti watibwereka makina a manja opinira njerwa zosaotcha za dothi ndi simenti, otulutsa njerwa ya masentimita 29 m'litali, 14 m'lifupi ndi 9 msinkhu, kuti tidzabweze ali ndi girisi ndi mabawuti onse.

Njerwa yopina imadalira dothi, choncho tinayesa la malo atatu. Kuyesa koyamba n'kwa botolo: dothi kufika pafupi theka, madzi, supuni ya mchere, kukhutchumula kwambiri, n'kusiya usiku wonse. Mchenga umakhala pansi mphindi yoyamba yomwe, dothi lofewa pakati, lomata pamwamba. Timafuna mchenga uposere theka. Kuyesa kwachiwiri ndiko kumapereka muyezo wa simenti. Kalipentala anakhoma timabokosi ta masentimita 60 m'litali, 4 m'lifupi, 4 kuya. Tinapakamo oilo, kudzazamo dothi lonyowa, kuumika pamthunzi sabata yathunthu, kenako kukankhira dothi louma mbali imodzi n'kuyeza mpata wotsala. Mpata ukachepera sentimita imodzi ndi theka, muyezo umodzi wa simenti umalowa ku miyezo 18 ya dothi. Kufika masentimita atatu, 16. Kufika anayi ndi theka, 14. Kufika asanu ndi limodzi, 12. Kupitirira apo dothilo silothandiza pokhapokha uthiremo mchenga.

Makande a kudambo anafupika masentimita 7 n'kung'ambika pathupi ponse. Amenewo ndi a mpunga, tawasiya. Dothi la pachulu, lomwe ambiri amalikhulupirira, linafika 6. Katondo wa m'munsi mwa kaphiri, titachotsa dothi lakuda la pamwamba, anafupika 4. Ndiye muyezo wathu ndi 1 kwa 14, ndipo thumba limodzi liyenera kutulutsa njerwa pafupifupi 85.

Chiwerengero cha njerwa: khoma la sikweya mita imodzi limadya 33. Makoma onse, kuchotsa zitseko ndi mazenera, kuphatikiza nsanamira ndi zosweka, akufuna 3,500. Mwa zimenezi 500 za khoma la m'kati sizifuna simenti chifukwa mvula siifikako.

Juni, sabata yachitatu

Njerwa 400 zoyamba zalephera. Titaviika zisanu m'diramu usiku wonse, m'mawa m'makona munali mutasungunuka, ndipo msomali unkalemba mozama ngati pa sopo. Zifukwa zinapezeka zitatu, zonse zathu. Gulu losakaniza linkapanga mulu umodzi waukulu m'mawa n'kumatapa mpaka 11 koloko, pomwe simenti akakhudza madzi ayenera kupinidwa ola lisanathe. Chachiwiri, dothi linkayezedwa ndi ndowa yodzaza mpaka kutumphuka, simenti ndi ndowa yolekeza pakamwa pokha, ndiye 1 kwa 14 anasanduka 1 kwa 18 kapena kupitirira. Chachitatu ndicho chachikulu: anthu anazolowera zidina, ndiye anaziyanika padzuwa, mwera ukuwomba. Njerwa ya simenti siifuna kuuma msanga. Imalimba ikakhala yonyowa.

Takonza motere. Ndowa imodzi ya malita 10 ndiyo yoyezera zonse, ndipo pakamwa pake pamadutsa thabwa. Dothi limasefedwa dzulo lake. Simenti ndi dothi zimasakanizidwa zouma katatu mpaka mtundu ufanane, madzi n'kuwazidwa ndi keni, osati kukhuthula. Kuti tidziwe ngati madzi akwana, timafinya kambulumbulu m'dzanja n'kukagwetsa kuchokera m'chiuno. Kakamwazika ngati ufa, madzi achepa. Kakaphwatalala osasweka, achuluka. Kakasweka zidutswa zinayi kapena zisanu, pinani. Njerwa ikatuluka imanyamulidwa ndi zikhatho m'mbali mwake, osati ndi zala m'makona, n'kuvundikiridwa ndi pulasitiki nthawi yomweyo. Kwa masiku asanu ndi awiri imathiriridwa m'mawa ndi madzulo, kenako imasanjidwa pamthunzi mpaka ikwane masiku 28. Mulu uliwonse uli ndi kathabwa kolembapo tsiku lomwe unaumbidwa.

Kuthirira sikudikira Lachiwiri kapena Lachinayi, ndiye tapatsa mabanja anayi oyandikana ndi malowa, ndipo sabata imodzi yothirira ikuwerengedwa ngati masiku awiri m'kope. Njerwa 400 zija sitinataye. Zilowa kukhoma la m'kati. Chomwe tataya ndi simenti matumba asanu, choncho 78 uja wasanduka 83.

Julayi, sabata yoyamba

Anthu asanu ndi atatu patsiku akutulutsa njerwa 220 mpaka 260. Pini ya mkono wa makina inathyoka Lachinayi. Wowotcherera anasula ina pa Jali, Lachiwiri makina anali pantchito. Kuti tifulumire, achinyamata a timu ya mpira atenga Lachitatu.

Julayi, sabata yachinayi

Maziko. Makona tinawongola ndi tepi ndi chingwe: mamita atatu mbali imodzi, anayi mbali inayo, pakati payenera kukhala asanu. Kenako tinayeza kona ndi kona mopingasa. Pa nyumba ya 9 ndi 6, mbali zonse ziwiri ziyenera kupereka mamita 10.82. Poyamba zinasiyana ndi masentimita 9, tinazula zikhomo ziwiri n'kuyambiranso. Levulo yaitali tilibe. Tinagwiritsa ntchito paipi yoonekera m'kati ya mamita 15 yodzaza madzi. Bola musakhale thovu la mpweya, madzi a nsonga ziwirizo amaima pamsinkhu umodzi.

Ngalande ndi ya masentimita 60 kuya ndi 40 m'lifupi. Kukona ya kum'mawa tinakumana ndi njira za chiswe, tinazilondola mpaka kachulu kobisika mamita anayi kuchokera pamalowa n'kukumba mpaka make wa chiswe atapezeka. Masentimita 40 a pansi ndi miyala ikuluikulu yoyalidwa mopanikizana, mipata yodzazidwa ndi timiyala ndi mchenga n'kusinja. Kuchokera apo miyala yamangidwa ndi simenti, muyezo umodzi kwa isanu ndi umodzi ya mchenga wa mu Likangala, mpaka masentimita 30 pamwamba pa nthaka. Ena anati 30 ndi kuwononga simenti. Amisiri anawakumbutsa za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023: nyumba zambiri zinagwa chifukwa madzi anaima m'tsinde mwa khoma masiku angapo, njerwa za pansi n'kufewa. Nkhani inathera pomwepo. Pamwamba pa maziko payalidwa pulasitiki wakuda woletsa chinyezi kukwera, wolumikizana ndi masentimita 15 polekezera.

Ngolo zayenda maulendo opitirira 30. Eni ng'ombe masiku awo akwana, ndipo alandira madeya a chimanga cha msonkhamsonkha. Simenti walowa matumba 13, monga tinawerengera.

Ogasiti, sabata yachitatu

Makoma anaima pamzere wa 9 kwa masiku khumi. Amisiri awiri anapita kukagwira ntchito yolipidwa m'tauni, wachitatu anati yekha sangathe. Pabwalo ena anayamba kunena kuti amisiri ndi odzikonda. Kope linanena zina. Khomo wamba linali litapereka masiku anayi. Mmisiri aliyense anali atapereka 17, m'miyezi yomwe ndiyo ya ndalama kwa womanga, poti dzinja kulibe womanga nyumba. Kulakwa kunali kwa komiti. Tinawerenga luso ngati chuma cha mudzi, n'kuiwala kuti mwini lusolo ali ndi ana ofuna fizi mu Sepitembala.

Mgwirizano watsopano ndi uwu. Mmisiri apereka masiku asanu ndi limodzi aulere ngati wina aliyense. Tsiku lililonse loonjezera, mudzi umubwezera ndi anthu awiri okagwira ntchito m'munda mwake, kusosa kapena kuunga mizere, pa tsiku lomwe iye asankhe. Sasonkhanso chimanga kapena nandolo. Aliyense atenge achinyamata awiri oti aziwaphunzitsa, ndipo mwa asanu ndi mmodziwo awiri ndi atsikana. Zomwezi zikhudzanso akalipentala ndi ocheka matabwa. Lachiwiri lotsatira onse atatu anabwera. Sabata imeneyo minda iwiri inasosedwa, ndipo a nyakwawa anapita okha ndi khasu, zomwe zinathandiza kuposa msonkhano.

Za kamangidwe: khoma ndi la njerwa imodzi, masentimita 14, ndiye pamafunika nsanamira mamita atatu aliwonse ndi m'mbali mwa zitseko. Matope omangira ndi katondo yemweyo wosefedwa, muyezo umodzi wa simenti kwa khumi, okhuthala sentimita imodzi. Njerwa imawazidwa madzi isanaikidwe, apo ayi imayamwa madzi a m'matope n'kulekana nawo. Brickforce akulowa mzere wachitatu uliwonse. Ophunzira anamanga mizere inayi kumbuyo osaimika chingwe, khoma linatuluka mimba ya masentimita atatu. Anagumula okha n'kumanganso. Njerwa zopina zili ndi ubwino umenewo, zimachoka zosasweka ngati matope sanagone.

Sabata ino anthu achepa chifukwa cha zinamwali. Makolo ali kalikiliki ndi zakudya za kusimba. Tinadziwa kale, sitinalembe aliyense kuti wajomba.

Sepitembala, sabata yachiwiri

Nandolo wasonkhedwa n'kugulitsidwa pamodzi, osati khomo lililonse palokha kwa mavenda a pamsewu, ndipo sikelo inali yathu. Ndalama yagula zitsulo ndi simenti wa bimu.

Powerenga m'sitolo, matumba atatu sanaoneke. Kunalibe kuba: banja lina linabwereka kukamangira chiliza, wosunga kiyi anavomera pakamwa, osalemba. Matumba abwezedwa, koma mphekesera inali itafika kale ku Johannesburg, ndipo ndalama ya mwezi uno kuchokera kumeneko yachedwa. Tsopano pachitseko pali maloko awiri, makiyi kwa anthu awiri a mabanja osiyana. Katundu wa ntchito sabwereketsedwa, ngakhale kwa amfumu. Matumba opanda kanthu amasungidwa n'kuwerengedwa pamodzi ndi odzaza Lachinayi lililonse, ndipo mlembi amajambula lisiti iliyonse n'kuitumiza pa WhatsApp tsiku lomwelo.

Bimu yathiridwa pamzere wa 21, mamita 2.1, kuti igwirenso ntchito ya lintala pazitseko ndi mazenera. Ndi ya masentimita 20 msinkhu, zitsulo zinayi za mamilimita 10, mphete masentimita 20 aliwonse, zitsulo zopindidwa kuzungulira makona osati kudulira pakona. Konkire ndi 1 wa simenti, 2 ya mchenga, 4 ya miyala yophwanya ya amayi aja. Inathiridwa tsiku limodzi kuzungulira nyumba yonse, anthu 30 akupatsirana ndowa, chifukwa bimu yothira masiku awiri imakhala ndi polekana. Konkire isanalowe tinakoloweka waya wokhuthala wopinda pawiri kuzitsulo, paliponse pomwe padzakhale thirasi, nsonga zake zitatulukira m'mwamba. Matumba 7. Yavundikiridwa ndi masaka onyowa sabata yonse.

Okutobala, sabata yachitatu

Denga lakwera. Pamwamba pa bimu pali mizere inayi, kufikitsa khoma pa mamita 2.7. Mathirasi ndi asanu, otalikirana mita imodzi ndi theka, anakhomedwera pansi pa chitsanzo chimodzi kuti afanane. Bulugama wouma amang'ambika ukamukhoma msomali wa mainchesi anayi pafupi ndi nsonga. Akalipentala ankayamba aboola ndi kadirilo ka manja, pena kufwifwitsa nsonga ya msomali ndi hamala. Matabwa onse apakidwa oilo wakutha wochokera kuchigayo. Waya uja wakulungidwa pathirasi iliyonse n'kupotedwa. Denga lomwe limauluka ndi mphepo nthawi zambiri limapita ndi mitengo yake yomwe, chifukwa linangokhazikidwa pakhoma.

Pamalata tinalakwitsa mu Epulo. Tinagula onse 32 a mafiti 12, geji 28. Kuchokera pamsonga kufika pakhoma ndi mamita 3.2 ndi pang'ono, lata la mafiti 12 ndi mamita 3.66, ndiye chotsala chotchinga khoma ndi masentimita 40 okha. Kumbali yomwe mvula imawombera n'kochepa, komanso amayi a sikelo akadasowa pokhala podikira. Mwini shopu anavomera kusintha 16 ndi a mafiti 14 titaonjezera ndalama, poti anali asanabooledwe. Tsopano kutsogolo kuli khonde la pafupifupi mita imodzi, logwiridwa ndi nsichi zinayi za bulugama zoimikidwa pamiyala. Kumbuyo tapaka pulasitala kuchokera pansi kufika mita imodzi, matumba atatu.

Malata anayamba kukhomedwa kuchokera kumbali yomwe mphepo imapita, kuti polumikizana pasayang'ane komwe imachokera. Lililonse lakwera pa linzake msana umodzi ndi theka. Msomali umalowa pamsana, osati m'ngalande moyenda madzi, ndipo m'mphepete monse misomali yachulukitsidwa n'kupindidwa kunsi. Chizimalupsa chinagwa Lachisanu usiku. M'mawa tinapeza podontha pawiri, ponse pomwe msomali unaphonya thabwa n'kuzulidwa. Pamatidwa ndi phula. Madzi a kumbuyo anakumba kangalande m'tsinde mwa khoma, ndiye payalidwa miyala masentimita 60 kuzungulira nyumba, yotsetserekera kunja.

Novembala, sabata yachiwiri

Anthu ali kuminda, ntchito yatsala ya Lachinayi lokha. Pansi pathiridwa: miyala yosinjidwa, mchenga, pulasitiki, kenako konkire ya masentimita 5 pamuyezo wa 1, 3, 6, matumba 12. Simenti yense walowa 83, kulingana ndi matumba opanda kanthu omwe ali m'sitolo. Ophunzira awiri ndiwo anasalaza pansi, amisiri akungoyang'ana.

Zitseko zitatu zakhomedwa. Mazenera ali ndi mafelemu koma zotsekera zakwana anayi mwa asanu ndi limodzi. Awiri otsalawo tatchinga ndi mphasa. Oluka apereka mphasa 14 zokhalira ana, ndipo akuyesa ngati zina zingakhomedwe kunsi kwa malata kuchepetsa kutentha. Dzenje la chimbudzi lakumbidwa kumunsi, mamita opitirira 30 kuchokera pamjigo, koma dothi lake ndi logumuka, ndiye liyenera kumangidwa m'kati ndi njerwa 180 zomwe zatsala silabu isanaikidwe. Azaumoyo ati sikelo ilowa m'chipindachi chimbudzi ndi mpondagiya zikatha, ndipo akunena zoona.

Munda wa phala la ana waungidwa mizere, theka chimanga theka soya. Phala lake ndi miyezo inayi ya chimanga kwa umodzi wa soya wokazinga. Mphunzitsi wopuma uja akukumana ndi alezi anayi Lolemba lililonse. M'kope, makomo 131 akwanitsa masiku awo, 11 atsala ndi limodzi kapena awiri, ndipo apatsidwa za chimbudzi. Ngongole ya mudzi kwa amisiri ndi akalipentala yatsala masiku 22 a m'munda, oti abwezedwe pa kupalira koyamba. Makina opinira atsukidwa, apakidwa girisi, ngolo iwapititsa pa Jali Lachinayi.